Ndani wadya usiku? Kuzindikira tinyama ta m'minda ya ku Harare musanatchere msampha

Bambo anga anabwera kuno kuchokera ku Dedza nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chija chinayamba mu 1953 n'kutha mu 1963, ndipo ntchito imene anapeza inali ya m'gadeni. Ine ndinalowa momwemo. Ndasamala maluwa ndi ndiwo zamasamba m'mayadi a ku Greendale, Highlands ndi Glen Lorne, ndipo kwathu ku Tafara ndili ndi kadimba m'mphepete mwa dambo ndi khola la nkhuku kuseri kwa nyumba. Choncho nkhaniyi ndaionera mbali zonse ziwiri. Ndakhalapo wantchito amene adona akumufunsa m'mawa kuti mapapaya aja apita kuti, ndakhalaponso mwini mbewu amene wadzuka n'kupeza chimanga chake chili lambalamba pansi.

Chimene ndaona zaka zonsezi n'chakuti ambiri timapha nyama yolakwika. Nkhuku ikafa timathamangitsa mphaka wa aneba, mbatata ikafota timathira mankhwala a mbozi, m'siling'i mukamveka phokoso timagula tameki pamsewu. Mlungu wotsatira vuto lili pomwepo, ndalama zapita, ndipo mwina kadzidzi amene amatigwirira makoswe wafa. Ndiye musanagule chilichonse, musanatchere chilichonse, yambani mwadziwa amene wadya.

Phulusa

Madzulo, dzuwa likamalowa, sefani phulusa la pamoto kapena mchenga wosalala, muwaze mopyapyala pomwe pakuonongekapo, pakhomo la khola, ndi m'tsinde mwa mpanda pamene pali mpata. M'mawa mulawire dzuwa lisanakwere, chifukwa kuwala kochokera m'mbali ndi kumene kumaonetsa mapazi bwino. Ikani bokosi la machesi pambali pa phazilo, mujambule ndi foni. Chithunzi chimenecho chimathandiza pofunsa anzanu, komanso kwa ife a m'mayadi chimatichotsa pamlandu. Abwana sangatsutse phazi.

Tsiku loyamba mwina simuona kanthu. Bwerezani masiku atatu kapena anayi. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Podikirapo dzifunseni: zikuonongeka masana kapena usiku? Zikudyedwa kuchokera pamwamba kapena pansi pa nthaka? Zadyedwa pomwepo kapena zatengedwa zonse osasiya ngakhale khoko? Mayankho a mafunso amenewa amachotsa kale theka la oganiziridwa.

Phazi longa kadzanja ka mwana ndi pusi. Phazi lozungulira ngati la mphaka koma laling'ono, lopanda zikhadabo, kawirikawiri ndi mwiri. Laling'ono lokhala ndi zikhadabo zoonekera ndi nyenga. La galu mumalidziwa. Mukapeza munga wakuda ndi woyera, palibenso chofunsa, ndi nungu.

Zipatso zolumidwa kamodzi n'kutayidwa

Uyu ndi pusi, amene anzathu Achishona amati tsoko. Iye yekha ndi amene amaononga zambiri kuposa zimene amadya: bango lolumidwa kamodzi, peyala losapsa lotayidwa, chisononkho chosendedwa mbali imodzi, bini yogubuduzika, buledi wosowa pathebulo pomwe windo linali lotsegula pang'ono. Amabwera masana okhaokha, makamaka m'mawa ndi chakumadzulo, ndipo usiku amagona m'mitengo italiitali. Chinthu chikaonongeka pakati pa usiku, musanamizire pusi.

Kuti mumvetse chifukwa chake kuthamangitsa sikuthandiza kwenikweni, dziwani mmene gulu lawo limakhalira. Anyani aakazi a mtundu umenewu amakhala m'gulu limene anabadwiramo moyo wawo wonse. Aamuna ndi amene amachoka akakula n'kukalowa gulu lina. Ndiye njira imene gulu limadzera, mtengo wa mabulosi uja wa mu Okutobala, mango a mu Disembala, magwafa a mu Malichi, ndi chuma chimene ana amaphunzira kwa amayi awo. Njirayo inalipo durawall yanu, mpanda wa simenti uja, isanamangidwe. Mukapha chimphongo chachikulu, china chimalowa m'malo mwake pasanapite nthawi, ndipo gulu limapitiriza ulendo wake monga kale.

Chimene mungasinthe ndi phindu limene iwo amapeza payadi panu. Pusi amawerengera: akalowa kangapo osapeza kanthu, amangodutsa pakhoma osatsika. Choyamba ndi bini. Ikhale ndi chivundikiro chomangidwa ndi waya kapena lamba la chubu cha galimoto, osati chongoikapo mwala, chifukwa awiri akagwirizana amaugubuduza. Chakudya cha agalu chisatsale m'mbale. Makoko a zipatso pa kompositi muwakwirire ndi dothi tsiku lomwelo. Mapapaya ndi nthochi muzithyola zikangoyamba kusintha mtundu, zikapsere m'nyumba. Ndiwo zamasamba, makamaka tomato, nyemba ndi chimanga chachiwisi, zimafuna khola lawolawo la waya lokhala ndi denga. Mpanda wopanda denga kwa pusi ndi makwerero chabe. Pawindo la kukhitchini, zitsulo zotchinga akuba sizitchinga pusi wamng'ono, choncho muwonjezere waya wa maso aang'ono.

Njoka ya pulasitiki yoopsezera apusi imagwira ntchito masiku awiri kapena atatu, kenako mumapeza ana a pusi akuseweretsa. Mukafuna kuigwiritsa ntchito, muziisuntha tsiku lililonse ndipo nthawi zina muziibisa. Madzi a paipi ndi abwino kuposa mwala: sapweteka, koma pusi amadana nawo, ndipo amamukumbukira munthu wa paipiyo. Kwa zaka zingapo ku Glen Lorne ndinkangonyamula legeni m'thumba. Ndikaitulutsa, ngakhale yopanda mwala, gulu lonse linkachita balala. Koma adona akatuluka n'kukuwa, apusiwo ankangowayang'ana. Amasiyanitsa ndithu bambo, mayi ndi mwana, ndipo ana ndi amene amawadelera kwambiri. Uzani ana kuti asamadye panja apusi ali pafupi, asawayang'anitsitse m'maso, asawaonetse mano, ndipo pusi akafuna chimene ali nacho m'manja angochiponya n'kubwerera m'mbuyo pang'onopang'ono osathamanga.

Chovuta kwambiri sichikhala m'yadi mwanu ayi. Ndi neba amene amawaikira nthochi pakhoma chifukwa amakonda kuwaona. Ineyo ndimawakondanso, mwana wa pusi atakangamira pamimba pa mayi wake ndani sangamwetulire? Koma pusi wodyetsedwa ndi munthu amasiya mantha, amayamba kulanda, tsiku lina amaluma, ndipo mapeto ake ndi kuwomberedwa. Ngati ndinu wantchito, nkhani imeneyi musakayankhule nokha kwa eni nyumba ya pafupi. Pemphani abwana anu akambirane okhaokha. Kumbukiraninso kuti Ashona a mutupo wa Soko salola kuti pusi kapena nyani azunzidwe pamaso pawo, choncho musankhe bwino mawu. Gulu likafika poluma anthu, ofunika kuwauza ndi a ZimParks, bungwe la boma loona za nyama zakutchire, amene likulu lawo lili pafupi ndi National Botanic Garden. Kuthira poizoni kapena kuwombera mfuti pakati pa nyumba za anthu kungakuikeni m'manja mwa apolisi.

Mbewu ikufota, timilu ta dothi tili mbwee

Mmera umene dzulo unali bwinobwino lero wafota, mukaukoka ukungozuka wopanda mizu. Nthawi zina mumaona karoti kapena anyezi atamira pansi ngati wina wamukoka kuchokera m'manda. Pakapinga pali timilu ta dothi latsopano totsatizana, topanda dzenje loonekera. Ameneyu ndi fuko, nhuta m'Chishona. Ngakhale dzina limene akatswiri amatchula mtundu wake, Fukomys, linachokera ku mawu athu omwewa akuti fuko.

Musamusokoneze ndi chiswe, chimene chimasiya dothi lomatika patsinde n'kudya m'kati, kapena mbozi zodula mmera, zimene zimadula tsinde pamwamba pa nthaka penipeni n'kusiya mizu ili bwino. Fuko amadya za pansi: mbatata, kachewere, chinangwa, karoti, ndi mizu ya maluwa yonga anyezi imene adona amagula modula. Sakhala yekha, ndi banja lonse m'mauna olumikizana, ndipo mmodzi yekha wamkazi ndiye amabereka. Amakumba ndi mano, amene ali kunja kwa milomo kuti dothi lisalowe m'kamwa. N'chifukwa chake timilu timachuluka mvula yoyamba ya mu Novembala ikafewetsa nthaka. Sikuti afukowo angobwera kumene ayi, analipo chilimwe chonse, kungoti tsopano akukuza nyumba.

Kuti mudziwe ngati una uli ndi mwini, fukulani kamulu kamodzi mpaka mupeze njira, muisiye yotsegula. Fuko sakonda mphepo m'nyumba mwake. Ngati alimo, mupeza atatseka pasanathe maola ochepa. Akuluakulu akwathu ankatchera msampha wawo pomwepo, ndipo amene amadziwa kutchera amagwirabe mpaka lero. Koma ndikuuzeni zoona: mukagwira awiri, m'banjamo mwatsala ena, ndipo mukawatha onse, mauna opanda eni amalandira alendo ochokera kuyadi ya pafupi.

Ndayesa zonse zimene anthu amanena. Kuthira madzi a paipi kuuna ndi kutaya madzi, omwe kuno ku Harare ndi osowa kale. Mauna ndi aatali ndipo fuko amangotseka mbali imodzi n'kusamukira ina. Mabotolo okwiriridwa kuti mphepo izilira, tsabola, mafuta akuda a galimoto, zonsezi zimangomusuntha mamita awiri, ndipo mafutawo amaononga nthaka yanu yomwe. Chimene chinandithandiza ndi kukumba bedi lonse mpaka masentimita 50 kapena 60, kuyala pansi ndi m'mbali waya wosachita dzimbiri wa maso a mamilimita 13, n'kubwezeramo dothi. Ndi ntchito ya tsiku lathunthu pa bedi limodzi, ndipo wayayo ngwodula, choncho chitani zimenezi pa mbewu zimene fuko amakonda zokha. Repu, kovo ndi mpiru sazilabadira kwenikweni. Kwathu ku Tafara, kumene ndalama ya waya palibe, mbatata ndi kachewere ndimadzala m'matumba ndi m'migolo yodulidwa pakati. Pamunda waukulu, alimi a ku Malawi ndi ku Zambia amadzala mthuthu, ena amati ombwe, mozungulira munda ndi pakatipakati, ndipo afuko amachepa, komanso chitsambachi chimawonjezera chonde. Chenjerani nacho pafupi ndi dziwe la nsomba, pakuti masamba ake amapha nsomba.

Dothi la timilu tija musalitaye. Ndi losalala, lopanda miyala ndi njere za udzu, labwino kwambiri pofesera mbewu.

Mapesi odulidwa mopendeketsa

Amene muli ndi madimba m'madambo a ku Mabvuku, Tafara, Epworth kapena m'mbali mwa mitsinje ya Mukuvisi ndi Marimba, mukapeza chimanga, nzimbe kapena misale zitadulidwa m'munsi ngati ndi mpeni, modulidwa mopendeketsa, ndi timilu ta zidutswa za mapesi pamalo amodzi, imeneyo ndi nchenzi, tsenzi kwa anzathu. Yang'anani mu udzu, muona tinjira take tosalala topita kumadzi. Imadya usiku ndipo imaopa kudutsa poyera. Mankhwala ake ndi chikwakwa: lambulani udzu mamita awiri kapena atatu kuzungulira munda wonse ndipo muzisungabe poyera mpaka kukolola. Malata akale oimikidwa mbali ya kudambo amathandizanso, chifukwa nchenzi si yokwera.

Sindinama, nchenzi ndi ndiwo yokoma, ndipo palibe Mchewa amene angaione osameza malovu. Koma pali njira ziwiri zimene ndikukupemphani kusiya. Yoyamba ndi kutentha dambo pofuna kuitulutsa. Moto wa mu Seputembala suima pamalire a munda wanu, ndipo a EMA, bungwe la boma loona za chilengedwe, amalipiritsa. Yachiwiri ndi khwekhwe la waya, limene lamulo la dziko lino limaletsa. Khwekhwe silisankha: limagwira gwape, kalulu, galu wa mnzanu, ngakhale mwendo wa mwana. Paja lamulo limaletsanso kulima mkati mwa mamita 30 kuchokera pamtsinje, ndipo mukalitsata mupeza kuti nchenzi zambiri zimatsala m'bango mwawo momwemo.

Nyama zimenezi zikuoneka ngati zachuluka m'minda chifukwa madambo akuchepa. Monavale, Cleveland Dam komwe Mukuvisi amayambira, ndi Lake Chivero analembedwa mu 2013 m'gulu la madambo otetezedwa pa mgwirizano wa Ramsar, koma madambo ena ambiri a mumzinda uno adzaza nyumba. Nyama imene dambo lake lasanduka masitandi ipita kuti, kupatula kudimba kwanu?

Nungu amapezeka makamaka kumalire a mzinda, kufupi ndi mapiri ndi miyala. Amafukula mbatata ndi chinangwa, amaboola maungu, amakungudza makungwa a mitengo m'munsi. Saponya minga ngati mivi monga tinkauzidwira tili ana. Amathamanga chobwerera m'mbuyo n'kubaya, ndipo agalu ambiri avulala motero. Usiku mangani agalu, ndipo mpanda wa waya muukwirire pansi masentimita osachepera 30, m'munsi mwake mutapindira kunja.

Zinthu zikungosowa

Iyi ndi nkhani imene imandipweteka. Payadi ina kumene ndinkagwira ntchito, zinthu zinayamba kusowa pakhonde la kukhitchini: sopo, timasupuni, mtedza woyanikidwa, chakudya cha galu. Mlandu unagwera mayi wina wantchito za m'nyumba, mnzathu wa ku Mulanje, ndipo anatsala pang'ono kuchotsedwa. Ndinawaza phulusa. M'mawa panali mapazi onga a khoswe koma aakulu, ndi mzere wa mchira, kulunjika kuseri kwa thanki ya madzi. Titafukula tinapeza nkhokwe yathunthu: njere za mapeyala, mtedza, zidutswa za sopo, masupuni atatu. Adona anapepesa, ngakhale kupepesa kwake kunali kwa pakamwa chabe.

Wakubayo anali bwampini. Ndi wamkulu ngati kamphaka, mchira wake ndi wautali, theka lakumapeto ndi loyera, ndipo ali ndi matumba m'masaya momwe amanyamuliramo katundu. Sadya pomwepo, amatuta. Ndi wofatsa kusiyana ndi khoswe wa m'nyumba, ndipo ndi mtundu umene bungwe la APOPO limaphunzitsa ku Morogoro ku Tanzania kununkhiza mabomba okwiriridwa pansi ndi matenda a TB. Kuthana naye n'kosavuta: musasiye kanthu panja usiku, zipatso zakugwa muzitola madzulo, chakudya cha ziweto chikhale mumgolo wachitsulo wotseka. Nkhokwe ikasiya kudzaza amasamuka yekha.

M'khola

Apa mtembo ndiwo umanena. Nkhuku zingapo zafa usiku umodzi, zalumidwa pakhosi, zadyedwa mutu ndi chidali chokha, khomo lili chitsekere: ndi mwiri, uja wamawangamawanga wa mchira wa mizeremizere, tsimba m'Chishona. Amakwera ngati mphaka ndipo pomwe mutu wake walowa, thupi lonse limalowa. Anapiye ndi mazira zikusowa masana, chimodzichimodzi: ndi nyenga, wofiirira, wa mchira wakuda kunsonga, amene Ashona amati hovo, ngati si kabawi wochokera kumwamba. Anapiye olumidwalumidwa usiku ndi chakudya chotayika: makoswe. Nkhuku zambiri zafa, nthenga zili ponseponse, waya wang'ambika, koma palibe yadyedwa: ameneyo ndi galu, ndipo nthawi zambiri ndi galu wodziwika.

Mwiri ndimamukonda, ndivomere. Ndinamuonapo usiku wina pamtengo wa mapeyala, maso ali ng'aning'ani pa tochi, ndipo palibe nyama yokongola ngati iye mumzinda uno. Chakudya chake chenicheni ndi makoswe, mbewa ndi ziwala. Mukamupha, makoswe amachuluka, ndipo pakapita miyezi mwiri wina amabwera kudzatenga malowo n'kupeza bowo lomwe lija lili chitsegukire. Ndiye konzani khola. Waya wamba wa nkhuku wa maso aakulu umatsekera nkhuku m'kati koma sutsekera mdani kunja. Malo ogona nkhuku akhale a waya wa mamilimita 13 kapena matabwa, ndi denga lomatirira bwino. Malo amene ambiri amaiwala ndi mipata ya pakati pa malata ndi khoma, ndi pansi pa chitseko. Lowani m'kholamo masana, mutseke, muone pomwe kuwala kukulowera. Paliponse polowa zala zitatu mutseke. Nkhuku zilowe dzuwa lisanalowe, mazira atoledwe kawiri pa tsiku, anapiye akhale m'chitete kapena m'kakhola kawo mpaka atakula. Amene mumadalira waya wamagetsi wa pamwamba pa durawall, dziwani kuti magetsi akathima ndipo batire yatha, ndi chingwe choyanikira zovala basi.

Za tameki ndinene mosabisa. Timapaketi timene timagulitsidwa m'misewu ngati mankhwala a makoswe timapha galu m'mphindi zochepa ndipo tapha ana. Khoswe wodya poizoni akatuluka panja akudzandira, amadyedwa ndi kadzidzi, mwiri kapena mphaka, naye n'kufa, ndiye mwapha alonda anu amene. Makolo anati khoswe akakhala pamkhate sapheka. M'nyumba momwe muli ana ndi ziweto, khoswe aliyense ali pamkhate. Gwiritsani ntchito msampha wa chitsulo, muutchere m'mphepete mwa khoma m'kabokosi koboola kuti nkhuku ndi ana asaufikire.

Phokoso m'siling'i

Kuthamanga kwa timapazi ndi kukukuta ndi makoswe. Kugunda kolemera ngati munthu akukoka thumba, nthawi zambiri ndi mwiri amene wabwera kudzasaka makoswe omwewo, ndipo akawatha amachoka. Kulira kwa tswiitswii madzulo, ndi tizitosi takuda tofumbutuka mukatifikisa, ndi mileme yodya tizilombo. Musaitsekere m'kati, ndiponso musaithamangitse nthawi ya mvula, pamene ili ndi ana osauluka. Anawo amafera momwemo n'kununkhitsa nyumba. Dikirani mpaka Epulo kapena Meyi. Khalani panja madzulo muone potulukira, mukhomerepo kansalu kapena neti yolendewera, yomata pamwamba yotsegula pansi, kuti ituluke koma isathe kubwerera. Pakatha mlungu mutseke bowolo.

Mileme ikuluikulu imene imalira usiku wonse m'mitengo ngati wina akumenya kachitsulo, n'kudetsa khoma ndi zitosi za magwafa ndi nkhuyu, m'siling'i silowa. Nyengo ya zipatso ikatha imapita. Mleme uliwonse musaugwire ndi manja.

Awiri amene salakwa kanthu

Kanungu, kamene Ashona amati shoni, ndi mnzathu wa ife olima. Amadya nkhono, nkhululu, mbozi ndi ngumbi, ndipo mbewu sakhudza. Kale ku Greendale mvula ikagwa ndinkawaona usiku uliwonse. Masiku ano chaka chimatha ndisanaone ngakhale mmodzi. Amafa ndi magalimoto, agalu, mankhwala a nkhono, ndi anthu owagwira kukachita zizimba. Nthawi yozizira, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, amagona tulo tatitali m'milu ya masamba, nthawi yomweyo imene ife timasesa n'kutentha. Musanayatse mulu, muusunthe kaye ndi manja kapena ndi reki mosamala. Musanatchetche udzu wautali, yendanimo kaye. M'dziwe losambira ikani thabwa lotsamira kuti wogweramo atuluke. Mkaka musamupatse, umamutsegula m'mimba. Mbale yosaya ya madzi ndi yokwanira. Ndipo ngati abwana alola, kabowo kakang'ono m'munsi mwa durawall kamamulola kuyenda kuyadi ina kukafuna chakudya ndi mnzake.

Changa nayenso amanamiziridwa. Wamkulu uja amalira usiku ngati khanda, ndipo ndamvapo anthu akunena kuti ndi ufiti, ena mpaka kudula mtengo. Ndi kanyama ka maso aakulu kodya utomoni wa mitengo ya minga, tizilombo ndi tizipatso. Musiyeni. Mukafuna kuti ana adziwe nyama ndi mitengo ya kuno m'malo mwake, apititseni ku Mukuvisi Woodlands Loweruka lina, akaone nkhalango ya misasa imene mzinda wonse unali nayo kale.

Pamene muyenera kusiya zonse n'kuthamanga

Nyama yakutchire imene yasiya mantha si yoweta, ndi yodwala. Nkhandwe yoyenda masana pakati pa nyumba, nyenga wobwera kwa inu m'malo mothawa, galu wotuluka dovu kapena wongoluma chilichonse, ganizani za chiwewe. Matendawa alipo mu Harare, ndipo agalu ndi nkhandwe ndi amene amawafalitsa kwambiri m'dziko muno. Munthu akalumidwa kapena kukalidwa, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15, kenako pitani kuchipatala tsiku lomwelo kukayamba jakisoni. Musadikire kuona ngati bala lipola, musayambe ndi mankhwala azitsamba. Zizindikiro zikangoyamba, chiwewe sichichiritsika. Agalu ndi amphaka anu abayitseni katemera akakwana miyezi 3, ndipo muzisunga khadi lake.

Ngaka, haka m'Chishona, mwina simudzaiona m'yadi, koma amene mumapita kumapulazi ndi kumidzi ya ku Domboshava kapena Goromonzi mungakumane nayo, kapena wina angakubweretsereni m'thumba n'kukulonjezani madola ambirimbiri. Musalandire thumbalo ngakhale kungomusungira. Pa lamulo la Parks and Wild Life Act, ngaka ndi yotetezedwa mwapadera, ndipo wopezeka nayo, yamoyo, yakufa kapena mamba ake okha, chilango chochepetsetsa ndi zaka 9 m'ndende. Mukaiona kutchire, isiyeni ipite. Ikakhala yovulala kapena pangozi, imbirani a ZimParks kapena a Tikki Hywood Foundation, amene amasamala ngaka kuno ku Harare.

Phulusa likaonetsa nsapato

Zimachitika. Nkhuku yasowa yonse, palibe nthenga, palibe magazi, chitseko chatsekedwanso bwinobwino. Chimanga chathyoledwa mwaudongo, zisononkho zazikulu zokhazokha, mapesi ali chiimire. Palibe pusi, mwiri kapena nchenzi amene amasankha motero. Kwathu zinandichitikira mu Febuluwale wina, chimanga chitangokhwima, ndipo paphulusa panali patapata wa phazi lamanzere wodyeka chidendene. Sindinapite naye kutali. Lamlungu tikutuluka m'tchalitchi ndinangonena mokweza kwa mkulu wina kuti, "Achimwene, nchenzi ya kudimba kwanga chaka chino yayamba kuvala patapata, ndipo ndaijambula." Anthu anaseka, ndipo chimanga chotsalacho ndinakolola ndekha. Pakhola ndinagulira loko.